Funsani Kochi: Chitunda, Befu ndi Mtima Wanu

Mwezi uno makalata okhudza kuthamanga pachitunda achuluka kuposa ena onse, choncho nkhani ya nsapato imene ndinakulonjezani iyambe yadikira. Ndasankha makalata 5, ena ndawafupikitsa. Pa yoyambayi ndichedwapo ndithu, chifukwa funso lake ndi lomwe labisala m'makalata enawo.

Akochi, ndine mnyamata wa zaka 29. Ndakhala ndikuthamanga kwa chaka ndi theka, makilomita 5 kapena 6 katatu pamlungu, paliwiro limodzimodzi. Poyamba ndinkaona kusintha, koma pano zangoima. Makilomita 5 ndimamaliza pa mphindi 28, ndipo papita miyezi 6 ndili pomwepo. Mnzanga wandilangiza kuti ndizithamanga pachitunda mwamphamvu, n'kupumira, n'kubwerezanso. Ndayesa kawiri. Ndimatulutsa mphamvu zanga zonse kwa masekondi 30, ndimafika pamwamba ndili wefuwefu, ndipo ulendo wachinayi miyendo imakaniratu. Kodi zimenezi ziwonjezera mpweya wanga, kapena ndikungodzizunza?

Achimwene, mnzanuyo sanakusokeretseni. Chitunda chimathandizadi, makamaka munthu amene waima pamodzimodzi ngati inu. Chimene chalakwika ndi kathamangidwe kake. Masekondi 30 achepa, liwiro lachuluka.

Tiyambe ndi "mpweya" umene othamangafe timaunenawu. Tikamati uje ali ndi mpweya, maganizo amathamangira kumapapo. Komatu kwa munthu wabwinobwino, chimene chimafika pamalire msanga si mapapo, ndi mtima. Minofu ikamagwira ntchito imafuna mpweya wa okosijeni, mpweyawo umayenda m'magazi, ndipo wokankha magaziwo ndi mtima. Mukakhala phee pampando, mtima umapopa magazi pafupifupi malita 5 pamphindi. Mukamathamanga mwamphamvu umafika malita 20 kapena kuposerapo, ndipo akatswiri ena a mitunda italiitali amadutsa malita 30. Kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingathe kugwiritsa ntchito pamphindi imodzi litafika pamapeto penipeni, asayansi amati VO2max. Amene anayamba kuzifotokoza ndi wasayansi wa ku Britain, A. V. Hill, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Iye ndi anzake ankathamanga atabereka chikwama chotolera mpweya umene akutulutsa, ndipo anaona kuti liwiro likamakwera thupi limamwa okosijeni wambiri, koma pamafika poti ngakhale uwonjezere liwiro, okosijeniyo sawonjezekeranso. Amenewo ndiwo malire a munthu. Mnyamata wamba wosachita masewera amakhala cha m'ma 40, kutanthauza mamililita 40 a okosijeni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pamphindi. Akatswiri a mitunda italiitali amafika 70 mpaka 80.

Kuti malire amenewa asunthe, mtima uyenera kumakhala pafupi ndi mapeto ake kwa mphindi zingapo. Apa ndi pamene mnzanuyo sanamalize kukuuzani. Mtima suchita kudumphira pamwamba mukangoyamba liwiro. Umakwera pang'onopang'ono, ndipo pamapita mphindi imodzi kapena ziwiri usanafike kumene tikuufunako. Pa masekondi 30 anu aja, minofu imadalira kwambiri mphamvu ina yosadikira okosijeni. Mphamvu imeneyi ndi yaukali koma sichedwa kutha, ndipo ndi imene imasiya ntchafu zikuyaka moto. Inu mukamaima pamwamba paja manja ali m'mawondo, mtima umakhala ukadali panjira. Kutopa mwatopadi, koma chimene chatopa kwambiri ndi miyendo. Sindikuti thukuta lanu lapita pachabe. Liwiro lotere limalimbitsa miyendo, ndipo mpweya limauwonjezerako. Koma si njira yabwino kwambiri yofikira chimene inu mwafunsa.

Mu 2007, ofufuza a ku yunivesite ya ku Trondheim m'dziko la Norway, motsogoleredwa ndi Jan Helgerud, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene makochi ambiri timamutchula mpaka lero. Anatenga amuna 40 ozolowerako kale masewera n'kuwagawa m'magulu anayi. Onse ankathamanga katatu pamlungu kwa milungu 8, pamakina othamangirapo otchedwa treadmill, okwezedwa kutsogolo ngati kachitunda. Kukula kwa ntchito kunali kofanana m'magulu onse, chosiyana chinali kagawidwe kake. Magulu awiri ankathamanga osaima paliwiro limodzi, monga muchitira inumu, ndipo VO2max yawo sinasinthe kwenikweni. Gulu lina linkathamanga mwamphamvu mphindi 4, mtima uli pakati pa 90 ndi 95 peresenti ya kugunda kwake kwapamwamba, kenako n'kujoga mphindi 3, mpaka maulendo anayi. Amenewa VO2max yawo inakwera ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo magazi otuluka mumtima pakugunda kamodzi anawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti. Mtima unaphunzira kutunga magazi ambiri n'kuwakankha nthawi imodzi.

Ndiye mwina mufunsa kuti ngati nkhani ili pamtima, chitunda n'chachiyani? Ndikuuzani zoona, chifukwa sindikonda kugulitsa chitunda ngati mankhwala ochiza zonse. Mtima sudziwa ngati muli pachitunda kapena pamalo athyathyathya. Umangomva kuti minofu ikulirira magazi. Mphindi 4 zamphamvu pabwalo zimaukwezanso chimodzimodzi. Ubwino wa chitunda ndi wakuti chimakufikitsani pamenepo musanafike paliwiro loopsa. Phazi lililonse mukamaponda mukunyamula thupi lanu lonse kulikweza m'mwamba, ndiye mtima umakwera ngakhale miyendo ikuyenda mosafulumira. Komanso phazi silimenya pansi mwamphamvu ngati pamalo athyathyathya, chifukwa nthaka imachita kukuchingamirani. Kwa munthu amene miyendo yake sinazolowere liwiro, zimenezi n'zazikulu. Ndaonapo ambiri akukokeka minofu ya kuseri kwa ntchafu pabwalo, chifukwa chofuna kukweza mtima ndi liwiro limene miyendo yawo sinalidziwe.

Chitunda chofunika si chija chochita kugwira ndi manja. Funani msewu wokwera mamita 4 mpaka 6 pa mamita 100 aliwonse, woti mukauyang'ana muone kuti ndi wokwera koma galimoto siilira nawo. Chikakhala chokwera kwambiri kuposa apo, akatumba amatopa mtima usanafike, ndipo mwabwereranso ku vuto lanu lija.

Chitunda chimene ine ndimagwiritsa ntchito chili ndi mapolo amagetsi m'mphepete mwa msewu, ndipo ndiwo wotchi yanga yachiwiri. Ndimayambira pakamlatho kamunsi. Mphindi 4 zikamakwana ndimakhala ndadutsa polo ya nambala 9, pafupi ndi mtengo wina wopendekera kumsewu. Mphindi yoyamba imaoneka yophweka moti mtima umandiuza kuti ndiwonjezere, koma ndimadziletsa. Pa mphindi yachiwiri mpweya umayamba kumveka. Pa yachitatu ndimatha kutchula mawu awiri kapena atatu okha. Pa yachinayi ndimakhala ndikuwerenga mapolo, kufuna zithe, koma mapewa akadali omasuka ndipo mapazi akugwabe pamalo pake. Muyeso wanga ndi uwu: ulendo wachinayi uyenera kundifikitsa pamtengo womwe uja unandifikitsa woyamba. Ndikaima pa polo ya nambala 7, ndimadziwa kuti ndinayamba mwaphuma. Akulu akale anati kuthamanga sikufika, ndipo pachitunda mawu amenewa ndimawaona ndi maso mlungu uliwonse. Anyamata amphamvu amandisiya pa ulendo woyamba, wachitatu n'kuwapeza atakhala pamwala.

Inuyo musayambire pa mphindi 4. Milungu iwiri yoyamba, jogani kaye mphindi 10 kapena 15 kuti thupi litenthe, kenako kwerani mphindi 2, tsikani mukuyenda kapena kujoga, mpaka maulendo anayi. Milungu iwiri yotsatira kwerani mphindi 3, kenako muzifika pa 4. Kutsika mwina kudzakutengerani mphindi zoposa 3, musadandaule nazo. Mwezi woyamba chitani kamodzi pamlungu. Mukazolowera mutha kufika kawiri, koma osati masiku otsatizana, ndipo masiku enawo muzithamanga mofatsa kuposa mmene mumathamangira panopa, moti n'kumacheza ndi mnzanu. Mapazi aziponda pafupipafupi, maso patsogolo, osapinda m'chiuno ngati mwasenza katundu. Pakatha milungu 8 dzayeseninso makilomita 5 aja. Sindikulonjezani nambala, chifukwa matupi salandira mofanana: anthu awiri angachite ntchito imodzimodzi, wina n'kusintha kwambiri, wina pang'ono. Koma mudzandilembere, ndikufuna kumva.

Akochi, ndine mayi wa zaka 41. Ndilibe wotchi yoyeza kugunda kwa mtima. Ndingadziwe bwanji kuti ndafika pa 90 peresenti imene mumakonda kunenayi?

Mayi, wotchi imeneyo ndi yabwino koma si yokakamiza. Anthu ankachita masewerawa kalekale isanabwere. Muyeso woyamba muli nawo pakamwa. Ngati mukutha kufotokoza nkhani yonse mukukwera, liwiro lachepa. Ngati simungathe kutchula ngakhale dzina lanu, lachuluka. Pakati pamenepo, pamene mungayankhe kuti "ndili bwino" basi, ndi pomwe tikufuna, ndipo muzifikapo cha pa mphindi yachiwiri.

Mukafuna nambala, njira yodziwika ndi kuchotsa zaka zanu pa 220. Kwa inu zikupereka 179, ndipo 90 peresenti yake ndi 161. Mukangoima pamwamba, ikani zala ziwiri pamkono, munsi mwa chala chachikulu, werengani kugunda kwa masekondi 10, n'kuchulukitsa ka 6. Mukapeza 26 kapena 27 pa masekondi 10 amenewo, muli pafupi. Werengani nthawi yomweyo, chifukwa mtima umayamba kutsika mukangoima. Koma samu imeneyi musaikhulupirire kwambiri. Imatha kuphonya ndi kugunda 10 kapena kuposerapo, m'mwamba kapena munsi. Amayi awiri a zaka 41 akhoza kukhala ndi mitima yosiyana kwambiri, onse ali bwinobwino. Nambala ikatsutsana ndi mmene mukumvera m'thupi, mverani thupi.

Pali nambala ina imene ine ndimaikonda kuposa imeneyi. M'mawa mukangodzuka, musanatsike pabedi, werengani kugunda kwa mphindi yathunthu n'kulemba. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ambiri amaona kuti yatsikako, chizindikiro chakuti mtima ukukankha magazi ambiri pakugunda kamodzi. Ndipo tsiku limene mwaipeza yakwera kwambiri kuposa masiku onse, chitunda chidikire. Mwina thupi silinapume mokwanira, mwina likulimbana ndi matenda.

Akochi, ndine bambo wa zaka 52. Ndayamba zachitundazi milungu itatu yapitayo. Pokwera ndimamva bwino, koma mawondo amapweteka kutsogoloku, ndipo pakapita masiku awiri ntchafu zimaphwanya moti kukhala pampando ndi nkhondo. Potsika ndimathamanga kuti ndisachedwe. Kodi ndisiye?

Bambo, yankho mwalilemba nokha m'chiganizo chomaliza chija. Chimene chikukupwetekani si kukwera, ndi kutsika. Munthu akamatsetsereka, thupi limagwa kuchokera patali pa phazi lililonse, ndipo minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki: imalimba uku ikukokedwa. Ntchito yotereyi ndi imene imasiya timabala ting'onoting'ono m'minofu, ndipo ululu wake umafika pachimake pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, monga mwaoneramu. Bondo nalo limalandira mtolo womwewo. Tsikani mukuyenda. Simukutaya kanthu, chifukwa phindu la masewerawa lili pokwera. Kuphwanya kwa ntchafuko kudzacheperachepera minofu ikazolowera.

Koma siyanitsani zowawa ziwiri. Kuphwanya kwa minofu mbali zonse ziwiri, kotha kokha pamasiku ochepa, n'kwachibadwa. Ululu wobaya pamalo amodzi, bondo lotupa, kapena kupweteka kokupangitsani kutsimphina, zimenezo imani kaye mukaonetse kwa dokotala kapena katswiri wa zamafupa ndi minofu.

Pali malo ena amene simunawatchule koma ndikufuna muwayang'anire, chifukwa ine anandigwetsapo. Ndi mtsempha waukulu uja wa kuseri kwa phazi, wolumikiza katumba ndi chidendene. Pokwera chitunda umakokedwa kwambiri kuposa pamalo athyathyathya, ndipo mitsempha yotere imachedwa kulimba poyerekeza ndi mtima ndi minofu. Ndili ndi zaka za m'ma 30 ndinasangalala kwambiri nditaona mpweya wanga ukuwonjezeka, ndipo ndinayamba kukwera chitunda katatu pamlungu. Mlungu wachitatu ndinadzuka m'mawa wina, nditaponda pansi ndinamva kuseri kwa chidendene chakumanzere kuli gwa, ngati chingwe chouma. Nditayendayenda m'nyumba kunamasuka, ndiye ndinati palibe kanthu. Ndinapitiriza masiku ena 10. Pamapeto pake ndikatsina mtsemphawo ndi zala ziwiri ndinkamva kachotupa, ndipo ndinakhala miyezi yoposa iwiri osathamanga. Mpweya wonse umene ndinaupeza unabwerera kumene unachokera. Mpaka lero zimandipweteka mumtima ndikaona munthu akunyalanyaza chizindikiro chomwecho. Mukadzamva kuuma koteroko pa mapazi oyamba a m'mawa, siyani chitunda mlungu wonse, ndipo kukapanda kusintha kapimitseni. Pa msinkhu wanu kamodzi pamlungu n'kokwanira, ndipo muziwonjezerapo kunyamuka ndi zala za kumapazi pang'onopang'ono, kukwera n'kutsika, katatu pamlungu, kuti akatumba ndi mtsemphawo zilimbe.

Akochi, ndine mtsikana wa zaka 19, ndimathamanga mamita 800 ndi 1,500. Chitunda chimene ndili nacho pafupi n'chachifupi, pa masekondi 45 ndimakhala ndafika pamwamba. Kodi n'chopanda ntchito?

Achemwali, chili ndi ntchito, ingosinthani kapumidwe. Pa kafukufuku wa ku Trondheim uja panali gulu lachinayi limene sindinalitchule. Linkathamanga masekondi 15 mwamphamvu, masekondi 15 mofatsa, kubwerezabwereza, ndipo VO2max yawo inakwera ndi pafupifupi 5.5 peresenti. Chinsinsi chake n'chakuti kupuma kunali kwakufupi, mtima sunkapeza mpata wotsika. Inunso kwerani masekondi 45 anuwo mwamphamvu koma osati ndi liwiro lonse, tembenukani nthawi yomweyo, jogani mopepuka kutsika, mukafika munsi nyamukaninso osaima. Pofika ulendo wachitatu mtima udzakhala uli pamwamba ndipo udzakhala komweko. Chitani maulendo 5 kapena 6, pumani mphindi 3, bwerezaninso kamodzi.

Kwa inu wa mamita 800, liwiro lenileni la pachitunda nalo lili ndi malo ake, pa tsiku lakelake, ndi kupuma kokwanira pakati. Limalimbitsa kakankhidwe ka phazi. Kochi wa ku New Zealand, Arthur Lydiard, ankapatsa othamanga ake milungu ingapo ya chitunda, akumadumphadumpha pokwera, ndipo mmodzi mwa iwo, Peter Snell, anapata golide pa mamita 800 ku Rome mu 1960, kenako pa 800 ndi 1,500 ku Tokyo mu 1964. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti asanakhudze chitundacho ankakhala atathamanga miyezi ingapo mitunda italiitali, makilomita pafupifupi 160 pamlungu. Sindikuti mufike pamenepo. Ndikungoti masiku anu othamanga mofatsa musawataye pofuna chitunda.

Akochi, ndine mayi wa zaka 58. Ndili ndi BP ndipo ndimamwa mankhwala tsiku lililonse. Ndimayenda mphindi 30 m'mawa. Mwana wanga akuti zachitundazi n'zoopsa kwa ine. Kodi n'zoona?

Mayi, mwana wanuyo akukufunirani zabwino, ndipo mbali ina akunena zoona. Musayambe musanalankhule ndi dokotala amene amakuonani. Munthu akamagwira ntchito yamphamvu BP imakwera kwakanthawi, ndiye iyenera kukhala yoti mankhwala akuigwira bwino. Mukamufunse mafunso awiri: ngati mungachite masewera okupangitsani befu, komanso ngati mankhwala anu ali m'gulu lochepetsa kugunda kwa mtima, monga atenolol kapena propranolol. Ngati ndi amenewo, samu ija ndapatsa mayi wa zaka 41 siikukhudzani, chifukwa mtima wanu sudzafika pa nambala zimenezo ngakhale mulimbike bwanji, ndipo kuzithamangitsa kungakuvulazeni. Inu muzidalira muyeso wa pakamwa uja.

Dokotala akavomera, simufunikira kuthamanga n'komwe. Kuyenda mwandawala pachitunda kumakweza mtima mokwanira. Ku Trondheim komweko, mu 2007, ofufuza ena motsogoleredwa ndi Ulrik Wisløff anayesa njira ya mphindi 4 imeneyi pa okalamba odwala mtima, a zaka pafupifupi 75. Ankangoyenda pamakina okwezedwa, madokotala ali pomwepo kuwayang'anira, ndipo mpweya wawo unawonjezeka kwambiri. Mawu akuti madokotala ali pomwepo ndawalemba dala.

Mphindi 30 zanu za m'mawa, masiku 5 pamlungu, zikukwana kale mphindi 150 zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa, choncho musazisiye. Ingosankhani tsiku limodzi. Yendani mphindi 10 monga mwa masiku onse, kenako kwerani kachitunda mphindi imodzi mofulumirako, moti mpweya umveke koma n'kumathabe kuyankhula ziganizo zifupizifupi. Tsikani pang'onopang'ono, bwerezani katatu, ndipo pomaliza musaime mwadzidzidzi, yendani mphindi 5 kuti mtima utsike bwino. Musamagwire mpweya pokwera. Mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, ululu wopita kumkono kapena kunsagwada, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala msanga. Masiku oyambawo mutengane ndi mwana wanuyo, aziyenda pambali panu n'kumakufunsani mafunso. Akaona kuti mukulephera kumuyankha, akuuzeni muchepetse.